K3,500,000 ya soya ndi fodya: ndiiponye ku masheya? Yankho kwa aphunzitsi a ku Santhe

Kalata yomwe tikuyankha lero yatipeza sabata yoyamba ya Januwale. Yachokera kwa bambo wina wophunzitsa kusekondale kufupi ndi Santhe m'boma la Kasungu, amenenso amalima soya ndi fodya wa bale. Taifupikitsa motere:

"Pa tchuthi cha Khrisimasi ndinaonera mafilimu angapo ndi ana. Awiri anali a anyamata a ku New York ogulitsa masheya, ndipo pofika kumapeto onse anali ndi nyumba zosanja ndi magalimoto. Zinandisowetsa tulo. Ndili ndi K3,500,000 yotsala pa zokolola za chaka chatha, yangokhala kubanki. Pa malipiro anga ndingathe kupatula K80,000 mwezi uliwonse. Ndili ndi ngongole ya K250,000 ku banki m'khonde, chiwongola dzanja chake ndi 15 peresenti pamwezi, komanso ana awiri olipirira fizi. Anzanga kusukulu akuti masheya a mabanki akwera kwambiri, ndiponye yonse kumeneko. Ndikufuna chaka chino ndalamayi iswane. Ndiyambire pati?"

Zikomo aphunzitsi. Tiyambe ndi mafilimuwo, popeza ndi amene akusowetsani tulo.

Mukawaoneranso, yang'anitsitsani kumene ndalama ya anyamata aja ikuchokera. Ambiri mwa iwo sakulemera chifukwa chosunga masheya, akulemera ndi komishoni yomwe akudula kwa anthu amene akuwaimbira foni n'kuwanyengerera kuti agule. Woonera amadziika pamalo a mnyamata wa suti uja, chonsecho iye akalowa pamsika malo ake enieni ndi a munthu wa kumbali ina ya foniyo, amene kamera simuonetsa n'komwe. Chinanso, filimu ili ndi maola awiri okha, choncho zaka zodikira amazidula. Ndipo msika wa ku New York si wathu. Msika wathu wa masheya, Malawi Stock Exchange (MSE) ya ku Blantyre, inayamba kugulitsa masheya mu 1996, kampani yoyamba inali NICO, ndipo pofika 2024 makampani ake anali 16 okha. Pali masiku amene masheya a kampani ina sagulidwa ngakhale imodzi.

Ngati mukufuna filimu yokuthandizani kukonza chuma, ilipo ya kwanu komweko, ya 2019, yofotokoza moyo wa William Kamkwamba wa ku Wimbe. Anthu amakumbukira makina a mphepo aja, koma onani chimene chinamuchotsa pasukulu: chakudya cha banja, ndalama ya fizi ndi chiyembekezo chonse zinali pamunda umodzi, ndipo njala ya 2001 ndi 2002 itafika zonse zinagwera limodzi. Kuponya K3,500,000 yonse ku masheya a mabanki ndi kulimanso munda umodzi womwewo, kungoti uno uli ku Blantyre.

Funso loyamba lisakhale lakuti "chikukwera n'chiyani". Likhale lakuti "ndalama iyi ndidzaifuna liti". Tengani kope, lembani miyezi 12, ndipo pa mwezi uliwonse lembani zomwe muyenera kulipira zivute zitani. Kwa mlimi wa ku Kasungu amenenso ali ndi ana kusukulu, kalendala yake imadziwika: Januwale ndi Febuluwale ndi aganyu, feteleza wobereketsa ndi chimanga chodula, Malichi ndi zigafa, kusankha ndi kudinda fodya, Epulo ndi fizi ya teremu yachitatu, nthawi yomwenso msika wa fodya wa ku Chinkhoma umakhala ukungotsegulidwa kumene ndipo mabelo anu mwina sanagulidwe, Seputembala ndi fizi ina, kenako mbewu ndi feteleza wa chaka chinacho. Mukamaliza kulemba mupeza kuti K3,500,000 ija si mulu umodzi ayi. Ndi ndalama zisanu kapena zisanu ndi imodzi, iliyonse ndi tsiku lake, ndipo tsikulo ndilo limanena koisunga.

Yoyamba ndi ya ngongole ija: bwezani sabata ino. Pa 15 peresenti, K250,000 ikukudyerani K37,500 mwezi uliwonse, pachaka K450,000, osawerengera chiwongola dzanja chokwera pa chinzake. Palibe sheya kapena banki imene ingakulonjezeni phindu lotere. Tikudziwa chimene ena amanena, choti ku banki m'khonde chiwongola dzanjacho chimabwerera kwa inu nomwe pogawana mu Disembala. Chimabwerera gawo lokha, molingana ndi masheya anu m'gulumo, ndipo chimabwera ngati onse abweza. Magulu amene amakakamiza membala aliyense kukongola kuti phindu lichuluke amangozunguza ndalama ya anthu omwewo. Wopindula ndi amene anaponya zambiri n'kukongola zochepa. Khalanibe m'gulumo ngati ndi la anthu okhulupirika, koma muziponya, musamatapemo.

Yachiwiri ndi ya kumunda, tinene K700,000 kufikira mabelo atafika ku okushoni. Iyi musaiike kulikonse kokhoma. Munda umene mwaulowetsa kale mbewu ndi feteleza wokulitsa ndiwo chuma chanu chachikulu panopa, ndipo kuchedwa kubereketsa masabata awiri chifukwa ndalama ili ku masheya kungakuluzitseni zoposa zomwe masheyawo angakupatseni chaka chonse. Yachitatu ndi ya mwadzidzidzi: matenda, maliro, denga losasuka ndi mphepo. Muyeso wake ndi zimene nyumba yanu imadya miyezi itatu, tiyerekeze K600,000. Gawo laling'ono likhale pa foni kapena kuakaunti yotapa tsiku lililonse, lotsalalo mutha kuliika ku unit trust ya money market (thumba limene anthu ambiri amasonkhamo ndalama, akatswiri n'kumazikongoza kwa nthawi yochepa), monga zimene amayendetsa a Old Mutual, komwe chiwongola dzanja chimaposa cha akaunti wamba koma ndalama imatuluka pakapita masiku ochepa mukaipempha. Funsani masiku enieni musanasaine, chifukwa chipatala sichidikira. Dziwaninso kuti Deposit Insurance Corporation, yomwe inayamba ntchito mu 2023, imateteza ndalama zosungidwa kubanki ngati bankiyo yagwa, ndipo pamene inkayamba malire ake anali K3,000,000 pa munthu mmodzi pa banki imodzi. Unit trust ndi masheya sizili pansi pa chitetezo chimenechi.

Tsopano tifike pamene pali nkhani, pa ndalama yodikira miyezi itatu mpaka chaka. Apa ndi pamene matreasury bill amagwira ntchito, ndipo anthu ambiri kunja kwa Lilongwe ndi Blantyre sawadziwa. Treasury bill ndi ngongole imene inu mumakongoza boma kudzera ku Reserve Bank of Malawi. Alipo a masiku 91, a masiku 182 ndi a masiku 364. Sapereka chiwongola dzanja mwezi ndi mwezi: mumagula pamtengo wotsika, tsiku lokhwima n'kulandira mtengo wathunthu. Mumadzera kubanki yanu pa boma pompo kapena kwa stockbroker, kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya. Mumadzaza fomu yonena kuchuluka kwa ndalama ndi masiku amene mukufuna, ndalamayo ikhale ili kale muakaunti tsiku la okushoni lisanafike. Munthu wamba ndi bwino asatchule yekha chiwongola dzanja chomwe akufuna, angovomera chimene okushoni yatulutsa, chifukwa mukatchula chokwera kwambiri pempho lanu limakanidwa n'kudikira okushoni ina.

Masamu ake ndi awa, ndipo manambalawa ndi ongoyerekezera. Ngati ya masiku 364 ikupereka 25 peresenti, mulipira pafupifupi K800,000 kuti mudzalandire K1,000,000. Phindu ndi K200,000. Msonkho umadulidwiratu, pa chiwongola dzanja wakhala 20 peresenti, ndiye K40,000 yapita ku MRA, mwatsala ndi K960,000. Zikuoneka bwino. Koma ngati chaka chomwecho mitengo ya zinthu yakwera ndi 30 peresenti, monga zinalili mu 2024 pamene inkadutsa pamenepo, katundu amene munakagula ndi K800,000 tsopano ali pa K1,040,000. Ndalama yanu yachuluka, koma matumba a feteleza amene ingagule achepa. Choncho treasury bill si yolemeretsa; ntchito yake ndi kuchepetsa kutha mphamvu kwa ndalama imene ili ndi tsiku lake. Imaposa kutali akaunti wamba imene K3,500,000 yanu yagonamo miyezi yonseyi, koma isakunamizeni.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kusawerenga masiku. Mukagula ya masiku 91 pakati pa Januwale, ikhwima pakati pa Epulo. Onani tsiku lotsegulira teremu yachitatu. Ngati likubwera bill isanakhwime, fizi ya teremuyo, tinene K400,000, ikhale ku money market. Kugulitsa bill isanakhwime n'kotheka, koma banki imaigula pamtengo wotsika ndipo phindu lalikulu limathera pomwepo. Chinanso, nenani momveka pa fomu ngati mukufuna ndalama ibwerere kuakaunti ikakhwima, apo ayi ena amaiguliranso bill ina, inu n'kudzazindikira tsiku lolipira fizi.

K800,000 iikeni pa masiku 182, ikhwime mu Julayi. Ikatuluka, phatikizani ndi ya zokolola zatsopano mugule feteleza ndi mbewu za chaka chamawa nthawi yomweyo, osadikira Novembala. Chifukwa chake mukuchidziwa: feteleza amagulidwa kunja ndi madola. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi, alimi ali pakhomo pa dzinja. Amene anali ndi matumba m'nyumba sanamve kuwawa ngati amene anali ndi kwacha m'thumba. Thumba la feteleza losanjikidwa pa matabwa, pouma, losakhudza khoma, ndi njira yovomerezeka yodzitetezera ku kugwa kwa kwacha, kusiyana ndi kukagula madola kwa anyamata a m'misewu, komwe ndi mlandu ndiponso mungapatsidwe achinyengo. Urea amayamwa chinyontho n'kuundana, choncho musamasule thumba kufikira tsiku lothira.

Mukachotsa zonsezi patsala K750,000, ndipo pamwamba pake pali K80,000 ya mwezi ndi mwezi ija. Iyi ndiyo ya masheya, ndipo muyeso wake ndi umodzi: ikhale ndalama imene simudzaifuna kwa zaka zisanu.

Anzanu sakunama kuti msika wakwera. Mu 2023 mlozo wa masheya onse pa MSE unakwera pafupifupi 79 peresenti, mu 2024 unakweranso pafupifupi 55 peresenti. Koma werengani 2023 ija ndi madola. K1,000,000 kumayambiriro kwa chakacho inali pafupifupi madola 970. Itakula kufika K1,790,000 kumapeto, inali madola pafupifupi 1,050. Gawo lalikulu la kukwerako linali kungobwezera zimene kwacha inataya. Ichi si chinthu chochepa ayi, chifukwa amene anasunga kubanki sanabwezeredwe, koma si chuma cha m'filimu chija. Ndipo sheya imene yakwera kale zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana mumaigula pamtengo wa lero, osati wa nthawi imene anzanuwo anagula, ngati anaguladi.

Kagulidwe kake si kovuta, ndipo simusowa kukwera basi ya ku Blantyre. Mumasankha stockbroker wovomerezeka, monga Stockbrokers Malawi Limited, Continental Capital kapena Cedar Capital. Mndandanda wonse umapezeka ku MSE. Adzafuna chiphaso cha unzika, umboni wa kumene mumakhala, akaunti ya kubanki ya dzina lanu, ndi umboni wa kumene ndalama imachokera, ndiye payslip ndi mapepala ogulitsira fodya zikuthandizani. Akutsegulirani akaunti ya CSD, komwe masheya anu amalembedwa pa kompyuta m'dzina lanu. Ndalama mumatumiza kuakaunti ya kampani ya broker, osati kunambala ya foni ya munthu, ngakhale atanena kuti amagwira ntchito komweko. Polamula, tchulani kampani, kuchuluka kwa masheya ndi mtengo umene simukufuna kupitirira. Akagula akupatseni contract note yoonetsa mtengo, komishoni ndi VAT. Isungeni pamodzi ndi mapepala a munda. Komishoni imakhala pakati pa 1 ndi 2 peresenti, ndipo imadulidwa pogula ndi pogulitsa pomwe. N'chifukwa chake kugula lero n'kugulitsa sabata yamawa kumanenepetsa broker, osati inu.

Posankha makampani pali msampha umene ngakhale anthu ophunzira amagweramo. Munthu amagula National Bank, Press Corporation, NBS ndi NICO n'kumati wamwaza ndalama m'makampani anayi. Koma Press Corporation ndi mwini wa gawo loposa theka la National Bank, ndipo NICO ndi mwini wa pafupifupi theka la NBS. Kuonjezera apo, mabanki athu amapeza phindu lochuluka pokongoza boma kudzera m'matreasury bill omwe aja ndi ngongole zina za nthawi yaitali. Ndiye ngati muli ndi bill, muli ndi money market imene nayonso imagula bill, muli ndi masheya a mabanki, komanso malipiro anu amachokera kuboma, zonse zapachikidwa pa msomali umodzi: kuti boma lipitirize kubweza ngongole zake bwinobwino. Ku Ghana mu 2022 ndi 2023 boma linasintha mapangano a ngongole zake za m'dziko, amene analikongoza anachedwetsedwa ndi kuchepetsedwa phindu, mabanki analuza. Sitikulosera kuti kuno zichitika, koma ndi chifukwa chokwanira kuti pa makampani atatu kapena anayi amene musankhe, banki ikhale imodzi, ena akhale a ntchito zina: mafoni monga Airtel Malawi kapena TNM, shuga wa Illovo, nyumba zochititsa lendi za ICON kapena MPICO. Ngati simukufuna kusankha nokha, NITL ndi kampani imene ntchito yake ndi kusunga masheya a makampani ena, kapena lowani unit trust yosakaniza masheya ndi ngongole za boma, mutafunsa kaye chindapusa chake cha pachaka.

Musapusitsidwe ndi mtengo wa sheya imodzi. Ya K20 si yotchipa kuposa ya K2,000 chifukwa cha nambala yokha. Funsani broker zinthu ziwiri. Choyamba, mtengo wa sheya ndi kangati poyerekeza ndi phindu limene kampani inapanga pa sheya imodzi chaka chatha. Achizungu amati P/E. Ikakhala 30, ndiye kuti mukulipira phindu la zaka 30 pamlingo wa lero, ndipo kampaniyo iyenera kukula kwambiri kuti mtengowo ukhale ndi nzeru. Chachiwiri, dividendi, lomwe ndi gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, ndi maperesenti angati a mtengo. Sheya ya K100 yopereka K3 pachaka ikukupatsani 3 peresenti, msonkho usanachotsedwe, umene pa dividendi unali 10 peresenti mu 2024. Misonkho imasintha ndi bajeti, kuphatikizapo wa pa phindu logulitsa masheya, choncho broker akuuzeni ya chaka chino musanagule. Makampani onsewa amasindikiza zotsatira zawo m'nyuzipepala kawiri pachaka. Kwa mphunzitsi, kuwerenga mizere itatu, ya phindu, ngongole ndi dividendi, si ntchito.

K750,000 ija musaiponye tsiku limodzi. Igaweni patatu, K250,000 mu Januwale, mu Epulo ndi mu Julayi, kuti mtengo wa tsiku limodzi loipa usakhale mtengo wa ndalama yonse; yodikirayo izikhala ku money market. K80,000 ya pamwezi muziiunjika miyezi itatu n'kugula kamodzi ndi K240,000, chifukwa komishoni imaluma kwambiri pa ndalama zing'onozing'ono. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Dziwaninso kuti tsiku logulitsa mungapeze palibe wogula pamtengo umene ukuoneka pa bolodi, n'kudikira masiku kapena kutsitsa mtengo. Ichi n'chimene chimapangitsa kuti fizi isakhale ku masheya, ngakhale msika utakhala ukukwera.

Ena adzakuuzani kuti bwanji osangogula chimanga mu Juni n'kugulitsa mu Febuluwale. Zaka zambiri zimapindulitsa, ndipo ndi malonda amene mumawadziwa kuposa a ku Blantyre. Koma chimanga chiume mpaka chinyontho chitsike kufika pa 13 peresenti, chilowe m'matumba a PICS kapena chithiridwe mankhwala a nankafumbwe, ndipo mukumbukire kuti chaka cha zokolola zambiri, kapena boma likatseka malire, mtengo umangoima. Kwa inu amene malipiro ena amachokera kale kumunda, kuonjezera chimanga ndi kuunjikanso pa mvula yomweyo. Nkhumba nazo zimaswana msanga, koma chigodola chikalowa m'mudzi chilibe katemera ndipo khola limatha sabata imodzi. Ngati kusukulu kwanu kuli SACCO yovomerezeka, ndi malo abwino odulitsa K20,000 kapena K30,000 pa malipiro, makamaka chifukwa ngongole yake ndi yotsika kutali poyerekeza ndi 15 peresenti pamwezi ija.

Za magulu a pa WhatsApp ndi Facebook olonjeza 30 peresenti pamwezi kudzera mu forex kapena crypto sititaya nthawi. Funsani chiphaso chochokera kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Chikasowa, kapena akakuuzani kuti phindu lanu likula mukabweretsa anzanu awiri, ndiye kuti phindu la oyamba ndi ndalama ya otsiriza.

Chotsala ndi mapepala. Dividendi imalowa kuakaunti ya banki imene munapereka potsegula CSD. Mukasintha banki kapena nambala ya foni osamuuza broker, ndalamayo imangokhala kwa osunga kaundula wa masheya zaka ndi zaka. Amayi kunyumba adziwe dzina la broker, nambala ya CSD ndi tsiku lokhwima la bill iliyonse, ndipo zonsezi zilowe mu wilo, chifukwa masheya saoneka ngati ng'ombe, abale sangawafunefune ngati sakudziwa kuti alipo. Onaninso kuti mayina a olandira penshoni yanu ndi olondola. Kope lija mudzalitsegulenso mu Julayi, ndalama ya ku Chinkhoma ndi ya soya zikalowa: mudzabwezeretse kaye thumba la mwadzidzidzi ngati munatapamo, mupatule fizi ya Seputembala ndi ya Januwale, mugule feteleza, ndipo ngati masheya akula kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chanu chonse chosakhala munda ndi nyumba, K240,000 ya miyezi itatu imeneyo ipite ku bill ya masiku 364.